Nchito yaciwiri ya lata

Mawu akuti malata, amene tonse m'malire muno timachulira zofolera nyumba, anabwera ndi Apwitikizi, monganso mbatata ndi nsapato. M'cinenero cawo lata ndi citini, cija ca mafuta kapena ca nsomba. Ife a ku Angónia timagwiritsa nchito matanthauzo onse awiri popanda kusokonezeka. Mwana ukamutuma lata amabwera ndi citini, ndipo ukamva kuti uje wagula malata umadziwa kuti fodya kapena mbatata zamuyendera bwino caka cimeneco. Koma inalipo nthawi imene ziwirizi zinali cinthu cimodzi ndithu, pamene citini cimene mwathera mafuta dzulo cinkasanduka citseko mawa lake.

Akuluakulu akuikumbukira nthawiyo. Nkhondo itafika poipa kuno ca mu 1986, midzi yathunthu inasamuka. Ambiri sitinapite kutali. Ena anangowoloka msewu wa M1, umene m'malo ena pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda ndi malire enieni, n'kukakhala kwa abale, Angoni anzathu a Maseko amene timakwatirana nawo kuyambira kale. Pofika 1992 anthu a ku Mozambique okhala ku Malawi anali opitirira miliyoni imodzi. Tinkalandira ufa, nyemba, mcere ndi mafuta ophikira. Ine ndinali mwana, ndipo kukoma kwa nyembazo ndinaiwala, koma zitini za mafuta sindinaziiwale, cifukwa akuluakulu ankazilimbirana pafupifupi ngati mafuta omwe.

Malume anga ankacita motere. Ankadula pamwamba ndi pansi pa citini ndi mpeni wakale, akumenya kumsana kwake ndi mwala. Kenako ankang'amba motsata msoko, n'kucitambasula pa thanthwe, n'kumacimenya ndi mtengo mpaka citaphwatalala. Zitini zikakwana ankazikhomera pa mitengo yopingasa, cina cikufunda m'mphepete mwa cinzake monga momwe timafolerera udzu, kuti mvula isalowe. Msomali uliwonse ankayamba auboolera pa cotsekera ca botolo, kuti mphepo ikawomba lata lisang'ambike pamutu pa msomaliwo. Kanzeru ka cotsekera aka ndimakaonabe lero pa makola a nkhunda ndi pa zimbudzi, kucokera ku Domwe mpaka ku Tsangano.

Ndimamva ana athu ena, makamaka amene anakaphunzira ku Tete kapena ku Beira, akunena kuti zonsezi zinali zaumphawi, tizisiye. Umphawi unalipo, sindikana. Ngakhale nkhondo isanatifike, amalonda a m'makantina atacoka pambuyo pa 1975, sopo, singano ndi mcere tinkazitsata ku Malawi. Koma umphawi pawokha sukhoma citseko. Mabanja awiri ankalandira zitini zofanana, lina n'kugona m'nyumba yotseka, lina n'kumatseka ndi thumba. Ndipo luso limeneli silinayambe ndi zitini. Agogo anga aakazi mphika ukasweka ankayamba kuyang'ana kuti wasweka motani: phale lalikulu linali lokazingira cimanga ndi mtedza, lina lopalira moto kwa anansi, tating'ono tomwera anapiye. Khasu likatha ankalipereka kwa ana kuti aphunzirire kupalira, likatheratu ankapita nalo kwa wosula kuti asule mpeni. Zitini zinapeza manja ozolowera kale.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, ambiri mu 1993 ndi 1994, osadikira galimoto za mabungwe poti kwathu kunali pafupi. Tinapeza chire. M'njira munali anthu osenza zitseko za zitini pamutu ndi panjinga, ndipo cathu cija cinatumikira zaka zingapo pa nyumba yoyamba, kenako pa khichini, potsiriza pa khola la mbuzi, mpaka dzimbiri linacimaliza.

Za koloboyi sindinena zambiri, poti masiku ake akutha. Kabotolo kapena kacitini, cotsekera coboola ndi msomali, valavu ya cubu ca njinga kapena kacitsulo kokulunga, ndi cingwe ca nsalu ya thonje, osati ya nayiloni cifukwa imasungunuka. Muthire palafini basi, petulo ayi. Ambiri amene lero ali aphunzitsi ndi anamwino anawerengera pa nyali imeneyi, ndipo m'mawa m'mphuno munkakhala mwakuda. Utsi wake sindiusowa.

Cimene sicinathe nchito ndi kheni yothirira, imene ena kuno timati regador. Kuno kumtunda, mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja, dimba ndiye banki yathu. Mvula ikasiya mu Epulo, kabichi, tomato, anyezi ndi mbatata za m'dambo zimafuna kuthirira mpaka mvula itabweranso. Okhoma zidebe a pa Ulongwe ndi pa Lizulu amapanga kheni ndi zidutswa za malata popanda moto: amapinda m'mphepete mwa zidutswa ziwiri, kuzikolanitsa, n'kumenya msokowo mpaka utagwirana. Ngati ndalama yoigula palibe, cigubu ca malita 20 cimene cang'ambika pakamwa cimakwanira. Dulani pamwamba koma musiye cogwirira, ndipo madzi muziwatunga ndi citini cimene mwaciboola pansi ndi kamsomali kakang'ono. Mabowo akhale ambiri koma ang'onoang'ono. Akakula madzi amakumba nazale, mbewu za kabichi n'kuyandama kupita pakona pamodzi.

Nkhani ya matayala ndiyo imandiganiziritsa kwambiri, cifukwa imaonetsa kuti zinthu zimene zikutifikira zasintha. Kale mwamuna aliyense woweta ng'ombe kapena woyenda ulendo wa pansi anali ndi nkhwayira. Wozipanga ankakuimika pa cidutswa ca tayala, kuzunguliza phazi ndi khala, n'kudula ndi mpeni wakuthwa umene ankauviika m'madzi pafupipafupi kuti uterere. Matayala a nthawi imeneyo anali ndi ulusi mkati, ndiye mpeni unkadutsa. Matayala a galimoto a masiku ano ali ndi mawaya acitsulo mbali yonse yoponda pansi. Mpeni umabunthira pomwepo, ndipo ukakakamiza, tinsonga ta waya timatsala m'mphepete n'kumabaya zala. N'cifukwa cake opanga nkhwayira amene atsala amadula m'mbali mwa tayala, kumene kulibe waya kupatula mkombero wa m'kamwa, kapena amafunafuna matayala a njinga zamoto.

Malegeni nawo akuyenda njira yomweyo. Galimoto zambiri tsopano zilibe cubu m'matayala, ndiye mphira wabwino wotambasuka amacokera ku malole, mathirakitala ndi njinga. Komatu popanda malegeni malonda a m'malire muno angaime tsiku lomwelo. Pitani pa Lizulu kapena pa Calómuè tsiku la msika, muone thumba la mbatata limene akuliwonjezera msinkhu ndi ukonde pamwamba, litagona pa kaliyala wa njinga yotsika phiri. Coligwira ndi lamba wa cubu cakale. Podula legeni, dulani mozungulira cubu ngati mukusenda lalanje, kuti lituluke limodzi lalitali lopanda mfundo, ndipo m'mphepete musasiye kamng'alu, pakuti mphira amadukira pamene mpeni unaphonya. Legeni lomwelo limamanga paipi yodontha, mpini wong'aluka, ndi mpando umene mwendo wake wayamba kugwedera.

Matumba a feteleza a makilogalamu 50 ndiwo atenga malo a zitini zija m'nyumba zathu. Palibe khomo lolima fodya kapena cimanga lopanda matumbawa. Mukamasula ulusi wa kumsoko mosamala, osaudula, ulusi womwewo ndi umene mumasokera. Matumba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, otambasula n'kulumikiza, amapanga lona yoyanikira cimanga ndi yomenyera nyemba, ndipo nyemba zomenyera pa lona sizidzaza mcenga, zimene wogula pa msika amaona msanga. Zingano yake ambiri timasula ku sipoko ya njinga: kuphwanya mbali imodzi ndi nyundo, kuboola diso, kunola mbali inayo pa mwala. Muyambe mwawacapa bwino matumbawo, cifukwa zotsalira za feteleza siziyenera kukhudza cakudya. Mdani wawo ndi dzuwa. Lona yosiyidwa panja miyezi ya Seputembala ndi Okutobala imafumbutuka ngati ufa, pamene yopindidwa n'kuikidwa kudenga imaona zokolola zingapo.

Tsono pali zinthu zimene zimafika kale zili zinyalala. Majumbo opyapyala ndiwo oyamba. Malawi analetsa mu 2015 mapulasitiki opyapyala kuposa ma micron 60, ndipo khoti lalikulu la apilo linavomereza ciletsoco mu 2019. Boma la Mozambique nalo linakhazikitsa lamulo lake mu 2015, koma malire ake ndi ma micron 30. Micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Ndiye jumbo lomwelo likhoza kukhala lololedwa tsidya lino la msewu, loletsedwa tsidya linalo, koma mphepo sifunsa malire, ndipo ng'ombe zathu za Cingoni zimalidya mbali zonse ziwiri. Amene anaphapo mbuzi yowonda popanda cifukwa codziwika n'kupeza mtolo wa majumbo m'cifu akudziwa cimene ndikunena. Anyamata amapanga mpira wacikulunga, ndipo amayi ena amadula majumbo m'mikombero, kuilumikiza ngati cheni, n'kuluka zikwama ndi zopondera pakhomo ndi kangowe ka sipoko. Zikwamazo n'zolimba, sizopa mvula. Koma tisanamizane: amayi onse a ku Angónia ataluka usiku ndi usana sangamalize majumbo a tsiku limodzi la msika. Dengu ndi kapulana yomanga mfundo zinkanyamula zonsezi popanda kupha mbuzi.

Matoci otsika mtengo ndi tinyali ta sola tosatseguka ndi zina. Kuwala kwake n'kwabwino, koloboyi sangayerekeze. Koma kakafa palibe pomasula, poti anamata ndi guluu m'malo mwa masikuluwu, ndipo batire lake silisinthika. Ine masiku ano ndikamagula cinthu pa feira ndimacitembenuza kuona ngati cili ndi sikuluwu, ndimafunsanso mumtima kuti cikatha nchito yake cidzakhala ciyani. Ndowa yacitsulo ikaboka amaiika pansi pena, ikatheratu imakhala mbaula. Beseni lapulasitiki louma lija likang'aluka mungalisoke ndi waya kamodzi, kaciwiri limathetheka m'manja.

Zigubu zazing'ono za malita 5 zili ndi nchito imene ndimailemekeza, ya mpondagiya. Mitengo iwiri yamphanda, umodzi wopingasa, cigubu coboola pafupi ndi pakamwa, cingwe cocokera pa cigubu kupita pa kamtengo kopondera, ndi sopo kapena phulusa pambali. Munthu akacoka kucimbudzi amaponda, madzi n'kutsika, osagwira kalikonse ndi manja. Kolera itavuta ku Malawi ndi kuno mu 2022 ndi 2023, ambiri anaikumbukira. Koma pamenepa mpamene pali nkhani imene ndikufuna tiimvetsetsane, abale anga: cigubuco munali ciyani?

Ife ndife alimi a mbatata, tomato ndi fodya, ndipo timapopera kwambiri, za ciwawu ndi za tizilombo zomwe. Mabotolo ndi tizigubu ta mankhwalawa n'tokongola, tolimba, totseka bwino kuposa cina ciliconse cimene cimafika pamudzi. Dzanja lozolowera kusataya limakana kutitaya. Ndaonapo mkaka, mafuta ophikira, mcere ndi madzi opita nawo kumunda zili m'mabotolo amene pepala lake likuonetsabe cibade ndi mafupa awiri opingasa. Pepalalo nthawi zina ndi la Cipwitikizi, nthawi zina la Cingerezi, malinga ndi mbali imene anagula, ndipo likanyowa limamatuka, botolo n'kuoneka ngati lina lililonse. Pulasitiki amamwa mankhwala. Kutsuka ndi sopo, phulusa kapena madzi otentha sikucotsa onse, ndipo otsalawo amalowa pang'onopang'ono mu cimene mwaikamo, makamaka ca mafuta. Mwana amene wamwa sangakuuzeni kuti vuto ndi botolo. Mudzaona kusanza, thukuta, dovu ndi mutu, n'kumaganiza za malungo.

Botolo lotere likatha, thiranimo madzi oyera pang'ono, tsekani, khuchumulani, n'kukhuthulira mu mpope womwe mukupoperawo, osati pansi kapena mumtsinje. Citani katatu. Kenako libooleni pansi ndi m'mbali kuti wina asadzalitole, mulisunge m'thumba pamalo pamene ana safika, kutali ndi citsime ndi nkhokwe, ndipo mufunse alangizi a zaulimi kumene mungalipereke. Musaliotche pamoto wophikira.

Caka catha, nthawi yopopera mbatata za m'dimba, amayi ena acikulire oyandikana nafe anandipeza ndikubaya kacigubu kotere ndi citsulo. Anaima, manja kumbuyo. "Abambo, mwawonongeranji cinthu cabwinobwino? Mukanandipatsa ine ndiikemo mcere." Ndinati, "Amayi, aka ayi, dikirani," n'kulowa m'nyumba kukawatengera botolo lagalasi limene munali uci. Analandira ndi manja awiri, anathokoza, koma mpaka kukafika pampanda anali akuceukirabe kacigubu koboola kaja.