Galu Akabwera ndi Thovu Kukamwa

Ntchito ya dotolo wa ziweto kuno ku Blantyre, masiku ambiri, njosasokosa: kubaya katemera, kupereka mankhwala a njoka za m'mimba, kuthena, kuzula nkhupakupa m'makutu mwa agalu. Imasokosa akalowa galu wochucha dovu, thovu lili tho kukamwa. Pamenepo ndimakhala ndi mphindi zochepa zoti ndidziwe ngati ndi chiwewe kapena poizoni. Wachiwewe sachira, ngakhale ndichite chotani. Wapoizoni, akafika msanga, mawa lake amagwedeza mchira.

Amene sindimuiwala ndi Tiger, galu wofiirira wa ku Bangwe, amene adafika pa wilibala atamuphimba chiguduli. Ankakankha ndi mnyamata, amayi ake ali pambuyo, chitenje m'manja. Kwawoko anthu adali atatola kale miyala, ati galu wapenga, aphedwe asadalume mwana.

"Mayi, wayamba liti?" ndidafunsa.

"Adokotala, dzulo wadya nsima yake bwinobwino, wauwa usiku wonse. Kwacha lero tampeza ali gone pa mpanda."

Yankho limenelo lidandipatsa theka la matendawo. Chiwewe chimayamba ndi kusintha khalidwe, galu kubisala, kulusa kapena kufatsa mwachilendo kwa masiku angapo. Sichigwetsa galu wamphamvu usiku umodzi. Ndidavalabe magolovesi, pakuti pa ntchito ino wodzikhulupirira salimba, n'kumutsegula chikope. Kadontho kakuda ka m'diso kadali katachepa ngati mutu wa phini. Minofu inkaphiriphitha pansi pa khungu, mtima ukugunda mwaulesi, m'chifuwa mukumveka madzi okhaokha. Adali atadzikodzera ndi kudziipitsira. Ameneyo ndi tameki basi.

Tameki ndi timibulu takuda tija amagulitsa m'misika kuti n'tophera makoswe. Dzina lake lenileni ndi Temik, mankhwala a aldicarb, opangidwira tizilombo ta m'munda. Akuba amatiika m'kachidutswa ka nyama n'kuponyera kuseri kwa mpanda, kuti usiku wotsatira adzalowe mwaufulu. M'thupi, poizoniyu amatseka chinthu chimene chimauza mitsempha kuti yakwana, ileke. Ndiye zonse zimangotseguka nthawi imodzi, malovu, misozi, mkodzo, mamina a m'mapapo, mpaka galu amamira m'madzi a m'thupi mwake momwe.

Chomulanditsa ndi atropine, mankhwala akalekale, osadula n'komwe. Ndidameta mwendo wakutsogolo, ndidapeza mtsempha, ndidabaya, kenaka khutu pachifuwa. Atropine sitiyeza kamodzi n'kusiya. Timabwereza mpaka m'chifuwa muume ndi dovu lileke. Atayamba kuphupha ndidaonjezera diazepam, ndidamuika diripi, ndipo atatha kumeza bwino tidampatsa makala a mankhwala kuti akole poizoni wotsala m'mimba. Mnyamata uja sadachoke. Adakhala pansi atagwira mwendo wa diripi kuti usapindike, akumuyankhula galuyo chapansipansi. Ubwino wa tameki, ngati tinganene kuti ali nawo, ngwakuti sakakamira m'thupi: galu akapyola tsiku loyamba, kawirikawiri wapulumuka. M'mawa mwake Tiger adadzutsa mutu, adanyambita madzi, ndipo atamva mawu a amayi aja pakhomo mchira udayamba kumenya chitsulo cha khola.

Apa ndidandaulepo pang'ono. Ambiri akapeza galu wotere amamutsira mkaka, mafuta ophikira kapena madzi amchere kukamwa. Galu wophupha sameza, choncho zonsezo zimatsikira m'mapapo, ndipo amene akadachira ku poizoni amadzafa ndi chibayo. Nthawi yosakira mkakayo ndi imene akadakhala ali pa msewu.

Koma sindifuna kuti nkhani ya Tiger ikupusitseni. Thovu lina ndi chiwewe ndithu, ndipo chimene ndimachiopa kwambiri si cholusa chija. Ndi chofatsa, chimene galu amangoti chibwano lende, kulephera kumeza. Mwini wake amaganiza kuti fupa lamutsamwa, n'kulowetsa dzanja kukamwa kuti alichotse, chonsecho kachilombo kali m'malovumo. Wotere ndimamugoneka tulo tosadzuka, ubongo wake ukayezedwe, ndipo onse amene adamugwira ndimawatumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Kuuza banja zimenezi, ana akumva, sikuzolowereka.

Mzinda uno ukuchidziwa chiwewe. Imfa za ana ku chipatala cha Queen Elizabeth ndi zimene zidakoka bungwe la Mission Rabies, limene mu 2015 lidabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Cholinga pa katemera wotere n'kufikira agalu 70 pa 100 alionse, chifukwa akafika pamenepo matendawa amasowa podumphira. Ine pa tebulo langa phindu lake ndimaliona mwa njira ina: galu wathovu akabwera ndi khadi la katemera, mtima umakhala m'malo ndipo ndimathamangira atropine osataya nthawi.

Ndiye inu oweta agalu, khadilo lisungeni pamalo poti mungalipeze usiku. Galu akayamba thovu musamugwire kukamwa, musamumwetse kanthu, musathamangire miyala. Mufunditseni bulangete kapena thumba, mumunyamule mosamala, mubwere naye. Ngati waluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, wolumidwayo apite kuchipatala lero lomwe, galuyo atsekeredwe masiku 10 kuti timuone.