Ng'oma za Kwathu ndi Magitala a ku Washington

Anzanga ena pano pasukulu amati mutu wanga sukoka bwino. Akuti mwana wa ku Mitundu, wokulira nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, angakonde bwanji nyimbo za punk za ku America, zimene zinaimbidwa makolo ake akadali ana? Nyimbozo nzaphokoso ndithu. Magitala ake amalira ngati chigayo cha dizilo chotsala pang'ono kufa, ndipo oimba ake amachita kukuwa ngati munthu amene mbala zamuthyolera nyumba. Sindikukana. Koma ndati ndifotokoze m'magazini muno chifukwa chake phokoso limeneli silikalamba, ndiponso chifukwa chake kwa ine silimveka lachilendo.

Ndiyambe ndi eni ake. Gulu la Dead Kennedys linayamba ku San Francisco m'chaka cha 1978. Woimba wawo anadzitcha Jello Biafra, ndipo dzina lachiwirilo analitenga ku Biafra, chigawo chimene chinadzipatula ku Nigeria mu 1967 n'kugonja mu 1970 ana ambirimbiri atafa ndi njala. Nyimbo zawo zinkanyoza andale, ankhondo ndi eni chuma, makamaka m'masiku a Ronald Reagan, amene analamula America kuyambira 1981 mpaka 1989. Posafuna kuti makampani aakulu a nyimbo awatseke pakamwa, iwo anatsegula kampani yawoyawo, Alternative Tentacles. Mu 1987 Biafra anaimbidwa mlandu ku Los Angeles kaamba ka chithunzi chimene anaika m'chimbale chawo cha 1985, koma oweruza sanamvane ndipo mlanduwo unathera pomwepo.

Ku Washington, kumene kuli likulu la boma, kunali a Bad Brains, anyamata akuda amene ankasakaniza punk ndi reggae atalowa chirasta. Chimbale chawo choyamba, cha 1982, chinatuluka pa kaseti pokha. Mumzinda womwewo Ian MacKaye ndi mnzake anayambitsa kampani ya Dischord mu 1980, ndipo pambuyo pake gulu lake la Fugazi linkaumirira kuti pakhomo azilipiritsa madola 5 okha, kuti ngakhale mwana wasukulu athe kulowa. Anthu amenewa sankadikira wailesi. Ankajambula okha, kugulitsa okha, ndi kudzilembera timagazini totchipa tonga kano mwagwiraka.

Pa tchuthi china ndinawamvetsera agogo anga aakazi nyimbo ya Bad Brains pa foni. Agogowo Chingerezi sachimva. Anatchera khutu kanthawi, kenaka n'kufunsa kuti, "Mwanawe, amenewa akudandaula chiyani? Munthu sakuwa chonchi popanda chomuwawa." Ine ndinati, "Agogo, akudandaula boma lawo." Iwo anangogwedeza mutu, nati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Agogo anamva chimene anzanga ophunzira Chingerezi sanachimve, pakuti anakulira m'dera limene kudandaula ndi ng'oma ndi mwambo wakalekale.

Kwathuko, m'midzi ya pakati pa Mitundu ndi nkhalango ya Dzalanyama, ndi kwa gule wamkulu. Za kudambwe sizinenedwa pagulu, ndipo ine sindizinena. Koma zochitika pabwalo aliyense amaziona. Chimatuluka chilombo cha nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, chimene timachitcha Simoni; chimatulukanso china chotchedwa Maliya. Pamene amishoni, monga aja anakhazikika ku Nkhoma mu 1896, ankaletsa Akhristu awo kuyandikira gule, gule anawayankha powavina. Nyimbo zake zimadzudzula mfumu yaumbombo, mwamuna wachimasomaso ndi munthu wodzikuza, ndipo wodzudzulidwayo alibe kokasuma, pakuti chilombo sichiimbidwa mlandu. Ng'oma zake nzaukali, fumbi lake nlotsamwitsa, ndipo mlendo amati ndi phokoso chabe. Nanga si zomwezo zimene anzanga amanena za punk?

M'masiku a chipani chimodzi pakamwa pa oimba panali loko. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika nyimbo, mabuku ndi akanema, ndipo wailesi inali imodzi yokha, ya MBC. Amayi ankaimbira Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda nyimbo zomutamanda, ndipo ngakhale zilombo zinkatengedwa kukavina pa misonkhano yake. Koma anthu atavota pa 14 Juni 1993 kuti akufuna zipani zambiri, zimene zinali kukhosi zinayamba kutuluka. Lucius Banda wa ku Balaka anadza ndi chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, ndipo anthu anamutcha Soja chifukwa choimbira amphawi. Evison Matafale wa ku Chileka anatulutsa Kuimba 1 mu 1999. Malume anga, amene nthawi imeneyo ankagulitsa m'golosale pa Nathenje, amati kaseti imeneyo inkazungulira nyumba ndi nyumba mpaka tepi kuduka, anthu n'kuilumikiza ndi kachidutswa ka selotepi, n'kuikulunga ndi bolopeni kuti asathe mabatire. Umo ndi momwenso kaseti ya Bad Brains inkayendera: kuchoka m'manja mwa uyu kupita m'manja mwa uyo.

Komatu pano pali kusiyana kumene sindifuna kuti tikuiwale. Biafra atatuluka m'khoti anabwerera kwawo. Matafale anamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma la Bakili Muluzi, ndipo pa 27 Novembala 2001 anamwalira ali m'manja mwa apolisi. Ine ndinali ndisanabadwe. Akulu amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo mwambi umenewu kawirikawiri amauponya pofuna kutiopseza kuti tikhale chete. Koma taonani: a Black Missionaries anapitiriza mndandanda wa Kuimba, ndipo mpaka lero nyimbo za Matafale zimalira m'maminibasi a pa msewu wa ku Bunda. Anyamata a makompyuta a pa msika wa Mitundu amaziikira anthu pa memori khadi, ana obadwa zaka zambiri iye ataikidwa m'manda n'kumaziimba pamtima.

Wina anganene kuti oimba otere nawonso amasintha. Inde, ndi anthu. A Dead Kennedys anapasuka mu 1986, ndipo pambuyo pake anakokerana kukhoti pa nkhani ya ndalama. Lucius Banda analowa ndale nakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2004, ndipo mpaka pamene anamwalira mu 2024 anthu ankatsutsana ngati Soja wa amphawi amayenera kukhala pa mpando wa chipani. Koma nyimbo ikatuluka sikhalanso ya mwini wake. Imakhala ya amene akumva kuwawa. Chotero ine ndikuti nyimbo zotere zimakhalitsa pa zifukwa ziwiri: choyamba, pozipeka palibe wamkulu amene anazigula, chachiwiri, bala limene zinkaloza silinapole.

Bala la kwathu ndi Dzalanyama. M'nkhalango imeneyi ndimo muchokera mtsinje wa Lilongwe, umene madzi ake amasungidwa m'madamu a ku Malingunde n'kumamwedwa mumzinda. Mitengo yake ikutha ndi makala. Mu 2015 boma linatumizako asilikali kuti akailondere. Ine sindingalankhule za nkhaniyi ngati mlendo, pakuti gawo lina la fizi yanga ya kusekondale linachokera m'matumba a makala amene achimwene anga ankakankha pa njinga usiku kupita nawo m'tauni. Tsiku lina anabwera wapansi, njinga atalandidwa, msana uli mikwingwirima yokhayokha. Koma malole odzaza ndi makala omwewo tinkawaona akudutsa bwinobwino, ndipo ogula makalawo ndi anthu a m'nyumba za magetsi. Nkhalango ikatha tonse tidzamva ludzu. Achimwene akasiya makala, ana awo agona ndi njala. Nyimbo yoona iyenera kunyamula zonse ziwirizi, ndipo nyimbo yotero singakhale yofewa.

Nanga ndani akuiimba? Nthawi ya kampeni ikafika timaona oimba athu ena atakwera pa malole a zipani, atavala makaka, akutamanda aliyense amene walipira. Sindiwaweruza kwambiri, pakuti njala ilibe manyazi. Koma nyimbo zoterozo zimafa tsiku lowerenga mavoti, monga momwe zimafera nsalu za chipani zikasanduka zopukutira mbale. Palibe amene amazilumikiza ndi selotepi.

Tsono mawu anga akupita kwa inu anzanga olemba ndakatulo ndi oimba a pano pasukulu. Sindikuti tiyambe kuvala majekete achikopa kapena kukuwa m'Chingerezi cha ku California. Kuteroko ndi kubwereka nkhope ya eni. Chimene tingatenge kwa anyamata aja a ku Washington ndi khalidwe lawo: sanadikire chilolezo, sanadikire situdiyo yapamwamba, sanadikire munthu wolemera woti awathandize. Ife tili ndi mafoni ojambula bwino kuposa makina amene iwo anayambira. Tili ndi ng'oma za kwathu, mbalule ndi mpanje, zimene zakhala zikudzudzula mafumu kuyambira kalekale. Tili ndi chilankhulo chodzaza ndi zining'a, choti munthu ungamutukwane iye n'kumaombera m'manja. Tikamaliza maphunziro ambiri a ife tidzalowa m'maofesi, ndipo kumeneko pakamwa pamalemera ndi malipiro. Ngati pali nthawi yoti tiimbe za wokankha njinga ya makala, za mlimi wogulitsa fodya pa mtengo wolira nawo, ndi za mtsinje umene ukuphwa, nthawiyo ndi ino, tikadali ndi njala yomwe iwo ali nayo.