Mayeso a ndege za nkhondo anandiphunzitsa kuphunzitsa

Akonzi, ndiloleni ndifotokozeko zomwe zinandichitikira chaka chathachi, mwina zingathandize aphunzitsi anzanga komanso makolo.

Ndine mphunzitsi wa masamu ndi physics pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Ntchisi, ndipo ndagwira choko kwa zaka 11. Mlongo wanga wamkulu anapita ku America kalekale ndipo amakhala ku Indiana, komwe kuli Amalawi ambiri ndithu. Mwana wake woyamba anabadwira konko, choncho ndi nzika ya dzikolo. Kuno kumudzi anafikako kawiri kokha, ndipo Chichewa chake n'chothyokathyoka. Komabe mayi wake anamulera bwino, amadziwa kuti malume ndi ndani.

Tsiku lina Loweruka madzulo anandiimbira pa WhatsApp mawu ali ziii. Anati: "Amalume, ndalemba mayeso aja koma malikisi anga ndi otsika. Amayi akuti inu ndi amene mungandithandize."

Mnyamatayu anali atamaliza digiri yake ndipo mtima wake wonse unali pa kuyendetsa ndege za asilikali a pamadzi a dziko la America. Kumeneko woyendetsa ndege za nkhondo amayenera kukhala ofesala, ndipo asanamuganizire n'komwe amayamba walemba mayeso otchedwa ASTB. Mayesowa amayeza ngati munthu ali ndi mutu woti angaphunzitsike ntchito ya m'mlengalenga. Amawagwiritsa ntchito ndi magulu atatu a asilikali: Navy, Marine Corps ndi Coast Guard.

Anandifotokozera mmene amakhalira. Amalembera pakompyuta. Muli gawo la masamu, la kuwerenga ndi kumvetsa nkhani, la mmene makina ndi zinthu zimagwirira ntchito, la chidziwitso cha ndege ndi sitima za pamadzi, la mafunso ofufuza khalidwe la munthu, ndiponso gawo lomwe umagwira ndodo yowongolera ngati uli mu ndege. Makina owerengetsera masamu saloledwa, umangopatsidwa pepala ndi pensulo. Kompyutayo imakutsatira: ukakhoza funso, lotsatira limabwera lovutirapo, ukalakwa limabwera lofewerapo, ndipo funso lomwe wadutsa sungalibwererenso. Magawo atatu oyambawo amapereka malikisi apakati pa 20 ndi 80, pomwe malikisi ena atatu okhudza ntchito ya ndege amayambira pa 1 kulekeza 9.

Chomwe chinandiopsa ndi lamulo lake. Munthu amaloledwa kulemba katatu kokha pa moyo wake wonse, ndipo ayenera kudikira masiku 30 asanabwereze. Kuonjezera apo, malikisi omwe amawerengedwa ndi omaliza, osati apamwamba. Ukabwereza n'kutsika, watsika basi. Ife tinazolowera MSCE yomwe munthu amatha kubwereza chaka ndi chaka mpaka zitatheka. Mwana wa mlongo wangayu anali atataya kale mpata umodzi, ndipo iwiri yotsalayo anaibweretsa m'manja mwanga.

Ndinavomera mwachangu, ndinenenso kuti modzikuza. Gawo lomwe linamugwetsa kwambiri linali la makina lija, ndipo ndinati mumtima, izi ndi zomwe ndimaphunzitsa Fomu 3 chaka chilichonse. Tinapangana kuti tizikumana Loweruka lililonse. Miyezi imeneyo nthawi yathu ndi yawo inkasiyana ndi maola 6, ndiye 4 koloko madzulo kuno inali 10 koloko m'mawa kumeneko. Ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, poti ndi pokhapo pomwe netiweki imagwira bwino, kope lili pamwendo.

Tsiku loyamba ananditumizira chithunzi cha katundu wopachikidwa pa pulley, zingwe ziwiri zitamunyamula, funso lili lakuti pafunika mphamvu yochuluka bwanji kuti akwezedwe. Ndinayamba monga ndimachitira m'kalasi: kulemba zomwe tapatsidwa, kulemba fomyula, kulowetsa manambala. Ndisanafike pakati anandidula mwaulemu. "Amalume, nthawi imeneyo kulibe. Funso ngati ili umangoliona n'kuyankha."

Usiku womwewo ndinadziyesa ndekha. Ndinatenga mafunso oyeserera omwe ananditumizira, n'kuika wotchi patsogolo. Nthawi inatha ndisanafike n'komwe kumapeto, ndipo mwa omwe ndinayankhawo angapo ndinalakwa. Sanali mafunso ovuta ayi. Ankafunsa mbali yomwe gudumu la mano lizungulire, bowo lomwe madzi atuluke mwamphamvu, pomwe uike mtengo kuti mwala utembenuke mosavuta. Mafomyula onse ndinkawadziwa pamtima, koma maso anga sankaona yankho. Ndinakhala chete kwa nthawi yaitali, manyazi atandigwira ngakhale m'nyumbamo ndinali ndekha.

Lolemba ndinapita nalo funso limodzi ku Fomu 3. Ndinajambula pabolodi magudumu awiri olumikizidwa ndi tcheni, lina la mano 48, lina la mano 16, n'kufunsa kuti lalikulu likazungulira kamodzi laling'onolo lizungulira kangati. Mtsikana yemwe amatsogola m'kalasimo anakweza dzanja n'kufunsa kuti agwiritse fomyula iti. Kumbuyo kwenikweni mnyamata wina, yemwe pa mayeso sachoka kumunsi kwa mndandanda, anangoti: "Katatu, sala." Nditamufunsa kuti wadziwa bwanji, anayankha kuti imeneyo ndi njinga, ndipo akaweruka amakathandiza bambo ake okonza njinga pamsika.

Apa mpamene ndinatsekuka maso. Zaka 11 ndakhala ndikupereka malikisi kwa ana oloweza, ana omvetsa ndikuwalemba zofiira chifukwa satha kufotokoza m'Chingerezi zomwe manja awo amadziwa kale. Mayeso a ku America aja ankafuna zomwe mnyamata wa kumbuyoyu ali nazo.

Kuyambira sabata imeneyo ndinasiya kope kunyumba. Ndinkayenda ndi foni n'kumajambula zinthu za pamudzi, n'kumutumizira mwana wa mlongo wanga ndi funso limodzi. Ndinajambula mwana wamng'ono akupopa madzi pamjigo, poyamba atagwira pafupi ndi mutu wa mjigo akulephera, kenako atagwira kumapeto kwa chogwirira madzi akutuluka. Ndinajambula wilibala itanyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50, thumbalo lili pafupi ndi gudumu, kenako litasunthidwira ku zogwirira. Ndinaboola chigubu malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, kuti aone yekha kuti madzi a pansi amatuluka mwamphamvu chifukwa cha kulemera kwa madzi omwe ali pamwamba pake. Pa funso la pulley lija tinamanga chingwe pamtengo wa mango ndi ana a Fomu 3. Anaona kuti zingwe ziwiri zikanyamula katundu, mphamvu yokokera imatsika ndi theka, koma chingwe chomwe ukoke chimatalika kawiri. Chomwe wapindula pa mphamvu umachilipira pa mtunda.

Naye ankandiphunzitsa zake. Ndinaphunzira kwa iye kuti ndege ili pakati pa mphamvu zinayi: yoikweza m'mwamba, kulemera kwake, yoikankhira kutsogolo ndi ya mpweya woibweza m'mbuyo. Ndinadziwa kuti nyale yofiira imakhala kumanzere kwa ndege ndi sitima, yobiriwira kumanja, kuti usiku udziwe komwe mnzako walunjika. Ndinadziwa kuti mtunda wa panyanja amauyeza ndi mailosi a mamita 1,852, ndiponso kuti nambala yolembedwa pamsewu wa ndege ndi ya kampasi, moti msewu wa 27 walunjika madigiri 270, kumadzulo. Atandifunsa za mmene phiko limanyamulira ndege, ndinamukumbutsa za ulendo wake wa pa minibasi kuchokera ku Lilongwe, pomwe ankatulutsa dzanja pawindo mayi wake akumukalipira. Ukapendeketsa chikhatho pang'ono, mphepo imakankhidwira pansi ndipo dzanja limakwera. Ndinamuuzanso za malata a kalasi yathu omwe anasasuka ndi mphepo ya mkuntho: mpweya wothamanga pamwamba pa denga umachepetsa kupanikiza kwa pamwambapo, ndipo mpweya wa m'kati umalikankhira m'mwamba. Anaseka n'kunena kuti ndiye kuti kalasi yathu inayesa kuuluka.

Gawo la ndodo yowongolera sindikanatha kumuphunzitsa ndili pachulu. Munthu amavala mahedifoni, khutu lililonse likumva zilembo ndi manambala osiyana, ndipo amauzidwa khutu loti amvere n'kumadina batani malinga ndi nambala yomwe wamva. Kenako amalondola kandege pakompyuta ndi dzanja lamanja pa ndodo, kena ndi dzanja lamanzere pa chogwirira cha mphamvu ya injini, ndipo pamapeto pake amachita zonsezi nthawi imodzi. Zimenezi anayeserera yekha kunyumba. Koma panali kagawo kena komwe amakuonetsa mapu ndi mbali yomwe ndege yalunjika, n'kukufunsa msanga kuti malo a kumpoto kapena a kum'mawa ndi ati pa chithunzi. Apa mpomwe ankasokonekera, poti iye anakula akuuzidwa njira ndi foni. Ndinamuuza kuti agogo ake sanaonepo mapu, koma ngakhale uwazungulitse m'munda wa chimanga chachitali sangalephere kuloza kuvuma ndi kuzambwe. Ndiye pa foni ndinkangomudzidzimutsa: "Walunjika kumwera, kum'mawa kuli dzanja liti?" Poyamba ankayamba waganiza. Patapita masabata angapo ankayankha ndisanatseke pakamwa kuti kumanzere.

Agogo akewo, omwe ndi mayi anga, sankakondwa nazo. Ngozi ya ndege ya asilikali athu ku Chikangawa pa 10 June 2024, yomwe inatenga moyo wa Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8, inali isanachoke m'mitima ya anthu. Tsiku lina ananditsatira pachulu paja n'kundifunsa kuti: "Iwe, ndiwe malume wa mtundu wanji wothandiza mwana kupita kokafa?" Ndinasowa choyankha, chifukwa mantha omwewo ndinali nawo. Malume ndiye mwini mbumba, ndipo mwanayu zitamuvuta m'mlengalenga, dzanja langa likhala lili momwemo. Ndinangowauza kuti mtima wake unasankha kale, ndipo chomwe ndingathe ine n'kuonetsetsa kuti akapita, apite akumvetsa zomwe akuchita. Mayeso aja amavuta dala chifukwa m'mwamba mulibe mpata wotsegula kope. Amayi sanayankhe, koma Loweruka lotsatira anandituma kuti ndimuuze mdzukulu wawo kuti akumupempherera.

Iye ankafuna kubwereza masiku 30 aja atangokwana. Ndinamuletsa, ndipo tinakangana pang'ono. Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mipata iwiri si yoseweretsa. Anadikira miyezi inayi. Tsiku lomwe analemba ndinaphunzitsa mtima uli m'malere, ndipo usiku ndinakhala pachulu mpaka uthenga unalowa. Malikisi onse anali atakwera, ndipo ofesala yemwe amayendetsa mapepala ake anamuuza kuti tsopano akhoza kuwapereka ku komiti yosankha. Panopa akudikira komitiyo komanso kuyezedwa m'thupi. Akasankhidwa adzayamba ndi sukulu ya maofesala ku Newport m'chigawo cha Rhode Island, kenako maphunziro a ndege ku Pensacola, Florida. Mwina asankhidwa, mwina ayi. Zimenezo zili m'manja mwa Mulungu.

Chomwe chili m'manja mwanga ndi kalasi yanga. Sukulu yathu ilibe labotale, ndipo kwa zaka zambiri ndinkabisala kuseri kwa chifukwa chimenechi. Lero mutu wa makina timauyambira pamjigo, fomyula imabwera pambuyo ana ataona kale ndi maso. Lachisanu lililonse ndimawapatsa mafunso khumi a zithunzi pa mphindi zisanu. Mnyamata wa njinga uja ndinamuika kuti azitsogolera gulu, ndipo mtsikana wotsogola uja amamuthandiza kulemba m'Chingerezi zomwe iye amaona. Onse awiri akwera, ndipo mnyamatayo wasiya kujomba.

Aphunzitsi anzanga, silabasi tiyenera kuimaliza ndipo MANEB imafuna mafomyula, zimenezo sindikukana. Koma tiyeni tizifunsanso ngati mwana akuona zomwe akulembazo. Inunso makolo, mwana akamamasula wailesi yakufa kapena kukhalira pa okonza njinga, musathamangire kumutcha wosakonda sukulu. Ine zinatengera mwana wa kutsidya kwa nyanja ndi mayeso a ndege zomwe sindidzakwerapo kuti ndimuone mwana yemwe anakhala kumbuyo kwa kalasi yanga zaka zitatu.

Mphunzitsi,
Ntchisi