Madzi Mbali Zonse, Mtima ku Naisi

Kwathu ndi ku Naisi, m'tsinde mwa phiri la Zomba, pamsewu wopita ku Domasi ndi ku Liwonde. Koma masiku ano ndimagona ndi kudzuka m'boti la matanga lomwe limayendayenda pakati pa zilumba za kumpoto chakumadzulo kwa Madagascar: Nosy Be, Nosy Komba, Nosy Iranja. Ntchito yophika ndi kukoka zingwe ndinaipeza padoko la Richards Bay, nditapita ku Joni kukasakasaka monga achitira anyamata ambiri a kwathu.

Kukacha, choyamba n'kuona ngati nangula sanakokoloke usiku. Kenaka timaona mabatire a sola, chifukwa firiji, nyali ndi wailesi zonse zimadalira iwowo. Chachitatu, chimene chimandiwawa tsiku lililonse, ndi madzi. Atizungulira mbali zonse, obiriwira, oonekera mpaka pansi, koma osamweka. Akumwa timachita kusefa ndi makina ochotsa mchere, ndipo timawasunga ngati mankhwala. Kusamba timasamba m'nyanja, n'kudzitsukuluza ndi kachitini kamodzi. Mvula ikagwa timathamanga kutchera ndowa. Pamenepo ndimakumbuka mitsinje ya Naisi ndi Domasi, madzi ozizira otsika m'phiri, amayi akuchapa pamiyala, ife tikuthirira madimba mpaka dzuwa kupendeka, otsalawo n'kumapita okha ku nyanja ya Chilwa osawawerengera munthu.

Khitchini yanga ndi yopapatiza, ndipo chitofu anachita kuchipachika kuti chizipendekeka pamodzi ndi boti, poto atamangidwa ndi zitsulo. Kuvundula nsima mafunde atakula kumafuna mwendo umodzi utatsamira khoma. Ufa umene timagula ku Richards Bay ukatha, basi, tili pa mpunga wa kumsika wa Hell-Ville, pa Nosy Be. Anthu a kuno amadya mpunga m'mawa, masana ndi madzulo, koma fungo lake silifika pa faya wa kusikimu ya Domasi. Asodzi amabwera pa mabwato awo okhala ndi mtengo wochirikiza m'mbali, n'kusinthanitsa nsomba zikuluzikulu ndi nkhanu pa zovala kapena mbedza. Alendo amene timawanyamula amadya mosangalala. Ine mtima umakhala pa matemba a ku Chilwa ogula pa Songani, ndi nkhwani wotendera.

Tikamayenda ulendo wautali timasinthana kulondera usiku. Wina akagona, wina amagwira chiwongolero, maso pa mphepo ndi pa nyali za zombo zina. Nthawi imeneyo ndi imene maganizo amandichulukira. Kugombe la kumadzulo kwa Madagascar kuli anthu otchedwa Amakoa, zidzukulu za akapolo amene anawaolotsa nyanja yomweyi kuchokera ku Mozambique. Mfumukazi Ranavalona II anawamasula mu 1877, koma ambiri sanaonenso kwawo. Dzina lawo likuchokera kwa Amakua, abale ake a Alomwe amene tili nawo ku Zomba. Ine ndinabwera mwakufuna kwanga, ndimalipidwa, ndipo njira yobwerera ndikuidziwa. Komabe ndikaona nkhope zina pamsika, zofanana ndi za azakhali anga, ndimamva chisoni chimene ndimalephera kuwafotokozera anzanga a m'boti.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe, ndipo aliyense wa boti amakhalira kutsatira zanyengo. Mu 2023 tinamutsatira Freddy pakompyuta kuyambira pamene anaomba Madagascar mu Febuluwale. Ife anatilambalala, anzanga n'kupuma. Mu Malichi anakalowera ku Quelimane, n'kukwera kulunjika kum'mwera kwa Malawi, komwe anapha anthu oposa 1,000. Foni ya achemwali anga inakhala chete masiku angapo. Boti likhoza kuzula nangula n'kuthawa mphepo, koma mudzi ulibe kothawira, ndipo ine mwinimbumba ndinali kutali, manja ali lende. Pamene uthenga unafika kuti onse ali moyo, kungoti munda wakokoloka, ndinalira pamaso pa anthu.

Zilumbazi n'zokongola, sindikana, ndipo ndalama za kuno zagula malata ndi kulipirira ana a achemwali sukulu. Koma m'boti sudzala kanthu, suyenda maliro, suweruza nawo nkhani za banja. Malume amene ana amangomumva pafoni sangawalangize, ndipo amayi akukalamba. Ndawauza kale eni boti kuti tikakafika ku Richards Bay ulendo uno, ine nditsika. Ndikufuna mvula yoyamba idzandipeze ku Naisi, mizere nditaunga kale.