Kuŵerenga Kopanda Mayeso

Ambiri a ife amene tinaponda m'kalasi tinatsazikana ndi mabuku tsiku lomwe tinatuluka m'chipinda cha mayeso otsiriza. Sitinachite kupangana, komabe tonse tinatero. Kuŵerenga sitinaiŵale ai, pakuti tsiku lililonse maso athu amayenda pa malisiti, pa makalata a msonkho, pa mitengo ya feteleza ndi pa mauthenga a pafoni. Chimene chinazilala ndicho kukhala pansi ndi buku popanda wotituma, popanda mphotho yoyembekezera, kungofuna kumva m'mene nkhani ithere.

Kuno ku Chiponde, pamene Malaŵi achita malire ndi Mozambique, ndagulitsa m'sitolo zaka zoposa 20. Tsidya linalo kuli Mandimba, ndipo pakati pa malo aŵiriŵa pamayenda magalimoto a katundu, a kabaza ndi amalonda a chimanga ndi nyemba kuyambira m'bandakucha kufikira madzulo. Munthu wa pano amaŵerenga manambala koposa mau: makwacha angati pa metical, matumba angati pa ulendo. Usiku ukafika mutu umakhala utalema, ndipo buku limaoneka ngati ntchito ya ana a sukulu.

Mu March 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo malonda a pamalire anachepa. Masiku amenewo amai a kunyumba anatsegula bokosi lachitsulo la malemu atate awo, amene anali mphunzitsi, kufuna nsalu zakale. Pansi pa nsaluzo panali mabuku ofiira ndi ukalamba. Iwo anatola limodzi nandipatsa, nati, "Bambo a ana, popeza makasitomala kulibe, chezani ndi apongozi anu." Bukulo linali Nthondo.

Samuel Yosiya Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba bukuli nalandira nalo mphotho pa mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa. Linasindikizidwa mu 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa dzina lakuti Man of Africa. Limalongosola moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake: unyamata wosamvera, ulendo wokafuna ntchito kutali, kubwerera kwao, ufumu ndi kutembenuka mtima.

Ndili mnyamata ndinaliŵerenga ndi pensulo m'manja, kusaka mayankho amene aphunzitsi akadafunsa. Tsopano wondifunsa panalibe, ndipo ndinapezamo buku lina. Mau anali omwewo, koma woŵerengayo anali atasintha. Mwana wanga woyamba ali ku Johannesburg, monga anyamata ambiri a m'boma lino la Mangochi amene amapita ku Joni kukafuna ntchito. Choncho pofika pamene Nthondo achoka pamudzi, mtima wanga sunatsagane naye monga kale. Unatsala ndi otsalawo, oyang'ana kunjira osadziŵa ngati wopitayo adzabwera. Ndinatseka bukulo kanthaŵi, ndipo usiku womwewo ndinalembera mwanayo uthenga wautali kuposa onse amene ndinamlemberapo. Akulu ananena zoona kuti mau a akulu akoma akagonera. Aŵa anagonera zaka zambiri m'bokosi, ndipo anakomadi.

Chilakolako chikadzuka sichigonanso msanga. Ndinatsiriza Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John Gwengwe, pa madzulo aŵiri okha, ndipo ndinayamba kufunafuna mabuku a Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani. Vuto lathu kuno ndilo kusoŵa kogula. Pamsika mupeza shuga, zitenje ndi matayala a njinga, koma buku la nthano muyenera kulitsata kumatauni, kutsika mapiri kudzera ku Namwera. Motero tinagwirizana anthu asanu kumabwerekana: aphunzitsi aŵiri, namwino, ine, ndi telala wina wa Chisilamu amene kunyumba kwake amalankhula Chiyao. Pamodzi tili ndi mabuku 14, ndipo lamulo lathu ndi limodzi: wobweza buku anene munthu wa m'nkhanimo amene wamkwiyitsa. Pa lamulo limeneli pabuka mikangano yokoma imene sindinaimvepo pakhonde la sitolo yanga, pamene kale tinkangokamba za mitengo ya zinthu.

Chizoloŵezi chatsopanochi chinakhudzanso m'mene ndimatsegulira Buku Lopatulika, limene makolo athu analilandira lathunthu m'chinenero chathu mu 1922. Ambiri tinazoloŵera kuliŵerenga vesi limodzi kapena aŵiri, monga munthu womwa mankhwala. Tsiku lina ndinaŵerenga buku la Rute lonse, mitu yake inai, osadzuka pampando. Pambuyo pake ndinatsata Yosefe kuyambira Genesis 37 kufikira 50. Apo ndinazindikira kuti olembawo anali akatswiri a nthano, odziŵa kuugwira mtima wa womvera ndi kuudikiritsa, ndipo chiphunzitso chake chimaloŵa mozama munthu akamva nkhani yonse.

Kwa makolo anzanga ndinena ichi. Timadandaula kuti ana athu sakonda kuŵerenga, ndipo timawalamula kuti atenge mabuku, ife tili pafoni kapena pa wailesi. Mwana amene sanaonepo atate ake kapena amai ake akuseka okha ndi buku m'manja adzayesa kuti buku ndi chilango chimene munthu amamasuka nacho akakula. Mwana wanga wotsiriza sindinamuuze kanthu. Anangoona kuti ndachedwa kubwera ku chakudya chifukwa cha tsamba limodzi lotsala, ndipo m'maŵa mwake ndinapeza bukulo lili pamphasa pake. Tsopano ndiye amatiŵerengera mokweza tikatha kudya, agogo ake namamdula mau kuti awongole mwambi umene sanautchule bwino.

Ndipo inu achinyamata amene mukulimbana ndi mayeso a MSCE, limbikirani, chifukwa satifiketi ili ndi ntchito yake. Koma mayesowo akadzatha musadzagaŵe mabuku onse. Sungani limodzi limene linakusangalatsani, ngakhale pang'ono, ndipo mudzalitsegulenso mutakwatira, mutaika maliro, mutalera ana. Mudzapezamo zimene lero simungathe kuziona.

Kuyamba sikufuna ndalama zambiri kapena maphunziro apamwamba. Funsani aphunzitsi opuma ntchito a mumpingo mwanu, yang'anani m'mabokosi a makolo, ndipo patulani theka la ola dzuŵa lisanaloŵe. Buku likakukanani, lisiyeni mutenge lina, pakuti pano palibe wokulemberani malikisi. Masamba oyamba adzayenda mochedwa chifukwa maso anazoloŵera mauthenga afupiafupi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.