Cithunzi ca Ambuya Copanda Nkhope

M'nyumba mwathu ku Katete muli cithunzi cimodzi cimene sindikonda kuonetsa alendo. Ndinacijambula ndine m'caka ca 1996, tsiku limene mlongo wanga anabatizidwa. Amalume anabwera kucokera ku Kitwe ndi kamera, m'kati muli filimu ya Kodak ya zithunzi 36. Mapemphero atatha anandipatsa nati, "Iwe, maso ako akali akuthwa. Kajambule ambuya ako."

Ndinanyada kwambiri, ndipo sindinafunse kanthu. Paja safunsa anadya phula. Ndinaimika ambuya pabwalo la chalichi, dzuwa liri kumbuyo kwao, atabvala bulauzi yoyera ndi citambala coyera. Ine ndinabwerera m'mbuyo kutali kuti cimango conse cilowe. Iwo anati, "Fulumira mdzukulu wanga, miyendo yalema." Ndinadina kamodzi kokha, pakuti filimu inali yodula.

Tinadikira milungu itatu kuti filimu ikatsukidwe ku Chipata. Zithunzi zitafika, chalichi cinaoneka bwino lomwe, ngakhale njinga ya munthu wina yotsamira pakhoma. Mtengo wa papaya unali ngati wamera pamutu pa ambuya. Koma nkhope yao inali bii, kadontho kakuda pansi pa citambala. Tonse tinaseka, naonso anaseka. Caka cotsatira, nyengo ya mvula, anatisiya. Kupatula kacithunzi ka pa citupa ca boma, cimeneco ndico cokha tiri naco.

Panapita zaka ndisanamvetse colakwa canga. Kamera siidziwa kuti mwa zonse ziri patsogolo pake, inu mukonda ambuya anu. Iyo ingoyesa kuwala konse pamodzi. Ikaona thambo lowala ndi zobvala zoyera, icepetsa kuwala kolowa, ndipo coyamba kutayika ndi nkhope, makamaka ya ife a khungu lakuda. Ndikadangowatembenuza kuti dzuwa liwaombe cakumbali, kapena kuwaimika mumthunzi wa mtengo wa mango, bwenzi lero tiri nao maso ao.

Inu acinyamata a masiku ano muli ndi mwai, cifukwa kamera iri m'foni ndipo cithunzi muciona pomwepo. Koma ndikayang'ana zimene mujambula pa misonkhano ya acinyamata ndi pa maukwati, ndiona zolakwa zanga zomwe zija. Kwaya yonse iri kutali ngati nyerere, theka la cithunzi ndi fumbi la pabwalo. Sendererani pafupi ndi miyendo yanu. Kukoka munthu ndi zala pagalasi la foni nthawi zambiri kungocititsa cithunzi kukhala cambuu. Gwirani pankhope ya munthuyo pagalasi, foni idzakonza kuwala molingana ndi nkhopeyo. Masana dzuwa liri paliwombo, mithunzi igwera m'maso. M'mawa ndi madzulo kuwala ndi kofewa.

Akatswiri amagawa cithunzi m'maganizo ndi mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa, naika maso a munthu pafupi ndi mzere wapamwamba, osati pakati peni-peni. Mafoni ambiri angathe kukuonetsani mizereyi. Ndi lamulo lothandiza, ngakhale ine sindifa nalo. Cimene sindiiwala ndico kuyendetsa diso m'ngodya zonse zinai ndisanadine. Kodi kumbuyo kuli ciani? Cimbudzi? Zobvala pacingwe? Kodi mapazi ndadula? Ngati ndi mwana, ndigwada kuti tilingane msinkhu.

Pa Khrisimasi yapita ndinakhazika amai pampando pansi pa mango, madzulo. Ndinacotsa ndowa imene inali kumbuyo kwao, ndinasendera, ndinasenderanso. Iwo anayamba kudandaula, "Kodi sunathe? Nsima ipsa pamoto." Pomwepo anaseka, ine n'kudina. Mwana wanga atacipenya anafunsa ngati ambuya a pa cithunzi cakale cija anali kuseka motero. Ndinamuuza kuti inde, ndi mpata womwewo wa m'mano.