Kujambula Mudzi Umene Kulibenso

Aphunzitsi anzanga, Gerard Sekoto anali mmodzi wa ife. Ankaphunzitsa pa sukulu ya Khaiso ku Pietersburg, kumene lero timati Polokwane, asanatule choko pansi mu 1938 n'kupita ku Sophiatown, mumzinda wa Johannesburg, kukajambula zithunzi ndi penti. Kumeneko, ngakhalenso ku District Six ndi ku Eastwood, ankajambula zimene maso ake ankaona: ana akusewera mumsewu, nyumba zachikasu, abambo akukumba ndi mapiki. Mu 1947 ananyamuka ulendo wa ku Paris, ndipo sanapondenso kwawo mpaka anamwalira mu 1993.

Chimene chimandikhudza ine ndi ntchito yake ya ku ukulu. Iye ali ku France, boma la tsankho linayamba kusamutsa anthu a ku Sophiatown mu 1955 n'kugumula nyumba zawo, ndipo mu 1966 linalengeza kuti District Six ndi dera la azungu okha. Sekoto anapitirizabe kujambula moyo wa m'makomboni omwewo, koma tsopano zonse zinkachokera m'mutu. Chithunzi cha okumba aja, Song of the Pick, anachijambulanso patapita zaka zambiri.

Akatswiri ena amati zithunzi zakumapetozi n'zofookerapo: nkhope zimafanana, ndipo sungaloze kuti msewu uwu ndi wakuti. Zimene akuonazo n'zoona, koma ine sindiziyesa kufooka. Kukumbukira kumapeta ngati lichero. Mayina a misewu ndi mtundu wa chitseko zimauluka ngati mankhusu. Chotsala ndicho kayendedwe ka anthu, kaweramidwe ka msana wa wantchito. Munthu amene kwawo kunagumulidwa sangapite kukaonanso kuti akonze chithunzi chake.

Tsono taganizirani za kalasi lanu. Ena a inu mukuphunzitsa ana amene midzi yawo inakokoloka ndi namondwe Freddy mu 2023. Ine ndimawauza ana kuti ajambule kawiri: choyamba chinthu chimene akuchiona pawindo, kenako malo amene anachokako. Chachiwiricho chimabwera chopendekeka, mtengo wa mango utaposa nyumba kawiri. Cholembera chofiira ndimachibweza m'thumba, n'kufunsa kuti, "Pansi pa mtengowu pankakhala ndani?" Mwana amene chaka chonse sakweza mkono amayamba kufotokoza, osafuna kusiya. Kayeseni sabata ino, ndipo mulembe zimene mwamva.